Makina owumitsira zovala akuzungulira koma sakutentha: mafunso ndi mayankho

Makina owumitsira zovala, amene m'masitolo a ku Tete amalembedwa kuti secadora, sanafalebe m'makomo mwathu, ndipo n'zomveka. Mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, bulangete lochapidwa m'mawa limakhala litauma gwa dzuwa lisanafike pamutu. Komabe makinawa alipo ndithu. Muwapeza m'nyumba zogona alendo, m'malo ochapira zovala ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Muwapezanso ku Moatize, kumene fumbi la malasha limadetsa nsalu yoyera ili pachingwe, ndi kumtunda ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene mvula ikakhazikika mu Januwale matewera amatha masiku osauma. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni makinawa amatifunsa kawirikawiri ife okonza zipangizo zamagetsi. Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, zulani pulagi pakhoma. Kungothimitsa pabatani sikukwanira.

Mgolo ukuzungulira bwinobwino koma zovala zikutuluka zonyowa ndi zozizira. Zikutheka bwanji?

Zikutheka chifukwa kuzunguza ndi kutenthetsa ndi ntchito za magawo osiyana. Mota ndi imene imazunguza mgolo kudzera pa lamba, ndipo pa makina ambiri mota yomweyo imazunguzanso fani yokankha mpweya. Kutentha kumachokera ku elementi, imene amisiri ambiri kuno amaitchula kuti resistência. Ndi waya wopotanapotana amene amafiira magetsi akamadutsamo. Mpweya umadutsa pa waya wotenthayo, umalowa mu mgolo, umatenga chinyezi cha zovala n'kutuluka nacho.

Magetsi asanafike ku elementi amayamba adutsa pa tizipangizo tingapo: thermostat yoyang'anira kutentha, thermostat ina kapena fyuzi yodula magetsi kukatentha mopitirira muyeso, ndiponso relay, kaswichi ka pa bolodi yoyendetsa makina. Kamodzi mwa timeneti kakangodula, elementi imazizira koma mota imapitiriza ntchito yake ngati palibe chachitika. Nyali zikuyaka, nthawi ikuyenda, phokoso ndi lomwe lija, zovala zokha ndi zimene zikukana kuuma.

Ndiyambire pati ndisanaitane mmisiri?

Yambani ndi batani losankhira ntchito. Makina ambiri ali ndi malo opemerera mpweya wozizira wokha, olembedwa Cool, Air kapena Arejar, ndipo mwana kapena wantchito watsopano akhoza kusiya batani pamenepo. Palinso batani lochepetsa kutentha la zovala zosachedwa kuwonongeka. Dziwaninso kuti mphindi zomalizira za ulendo uliwonse, pafupifupi 10, makina amathimitsa dala elementi kuti zovala zizizire. Mukaika nthawi yochepa kwambiri ndiye kuti mwangosankha gawo lozizirali.

Mukatsimikiza kuti batani lili malo oyenera, solorani sefa ya pakhomo muichotse ubweya wa zovala. Ngati makina anu ali ndi kathanki kosungira madzi, katayeni madziwo. Kenako tulukani panja pamene pathera paipi yotulutsa mpweya, muike dzanja makina ali kuyenda. Mpweya uyenera kukankha dzanja mwamphamvu. Ukamangotuluka monyentchera, mwayamba kale kulipeza vuto.

Ndingatsimikize bwanji kuti sakutenthadi, osati kungochedwa kuumitsa?

Yatsani makina opanda zovala pa kutentha kwakukulu kwa mphindi 5, kenako pisani dzanja mu mgolo. Muyenera kumva kufunda koonekeratu.

Njira ina imene ine ndimaikonda ndi ya mita ya magetsi olipiriratu ya Credelec. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kothwanima, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kamathwanima ka 1,000 pa kWh imodzi, imene ndi yuniti imodzi ya magetsi. Thimitsani firiji, simbi ndi zina zonse zodya magetsi, muyatse makina owumitsira okha. Elementi ya mawati 2,000 ikamagwira ntchito, kanyaliko kamathwanima pafupifupi masekondi awiri alionse. Ikakhala mota yokha, imene imadya mawati mazana awiri kapena atatu, mudikira masekondi oposa 10 kuti kathwanimenso. Simunamasule chilichonse koma mwadziwa kale ngati elementi ikulandira magetsi.

Mukapeza kuti kutentha kulipo, funso likhale la zovala zimene mukuikamo. Makinawa anawapangira zovala zofinyidwa ndi makina ochapira, amene amazungulira ka 1,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Ambirife timachapa pamanja m'beseni, ndipo jinzi yofinyidwa ndi manja imakhala idakali ndi madzi ambiri zedi. Yanikani pachingwe kaye mpaka isiye kudontha. Musadzazenso mgolo mpaka kukamwa, chifukwa zovala zimafuna malo ogubuduka kuti mpweya uzidutsa pakati pake.

N'chifukwa chiyani amisiri mumangokhalira kunena za mpweya pamene vuto langa ndi kutentha?

Chifukwa makina ambiri amene amabwera kwa ife osatentha anayamba ndi kubanika. Elementi imatulutsa kutentha kofanana nthawi zonse, ndipo chimene chimaiteteza kuti isadziwotche ndi mpweya wodutsa pa iyo. Mpweya ukachepa, kutentha kumaunjikana pamalo amodzi. Thermostat yotetezera imayamba kudula pafupipafupi, zovala zimayamba kuchedwa kuuma, ndipo mwiniwake amangowonjezera nthawi. Pakapita milungu, fyuzi imapsa kapena waya wa elementi umaduka. Tsiku limenelo ndiye mwiniwake amati makina awonongeka, chonsecho anayamba kudwala kalekale.

Zotseka mpweya kuno kwathu n'zambiri. Choyamba ndi ubweya wa zovala, makamaka wa matawulo ndi mabulangete. Sefa imafunika kuyeretsedwa ulendo uliwonse, osati pa mlungu kamodzi. Ngakhale sefa yooneka yoyera ikhoza kukhala yotsekeka, chifukwa mankhwala ofewetsera ndi onunkhiritsa zovala amasiya kautoto kosaoneka pa timabowo take. Ithireni madzi. Akadikha pamwamba osadutsa, itsukeni ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale, muiumitse musanaibwezere.

Chachiwiri ndi paipi. Paipi yotulutsa mpweya imakhala ya mamilimita 100 m'mimba mwake, ndipo imafuna kukhala yaifupi ndi yowongoka. Nthawi zambiri timaipeza itaphwanyika chifukwa makina anakankhidwira kukhoma, kapena itakhota katatu kuti ikafike pawindo. Ena amaiwonjezera ndi paipi yopapatiza ya madzi. Ena amamanga sokosi kapena neti ya udzudzu kumapeto kwake kuti makoswe asalowe. Cholinga chake n'chabwino, koma neti yotere sichedwa kudzaza ubweya. Paipi ikakhala miyezi osagwira ntchito m'chilimwe, mavu amamangamo nyumba zadothi, makoswe amatutiramo zinyalala, ndiye mvula ikayamba mu Disembala inu mukungoyatsa osayang'anamo. Ku Moatize ndi m'mbali mwa misewu yodutsa magalimoto akuluakulu, fumbi limatsekanso timabowo tolowera mpweya kumbuyo kapena kutsogolo kwa makina.

Ngati makina anu ndi aja opanda paipi, osunga madzi m'kathanki, kumunsi kwake kuli kachitseko. M'katimo muli kabokosi ka timalata tambirimbiri kamene kamasandutsa nthunzi kukhala madzi. Kasololeni mwezi uliwonse, mukatsuke pampopi mpaka matope a ubweya atachoka onse. Anthu ambiri amakhala ndi makina zaka ziwiri osadziwa n'komwe kuti kachitsekoko kamatseguka.

Magetsi anathima makina ali pa ntchito. Atabwera, makina akuyenda koma osatentha. Apsa?

Kawirikawiri ayi. Magetsi akathima mwadzidzidzi, fani imaima pomwepo koma elementi imakhala idakali yofiira. Kutentha kotsalako kumasowa kopita ndipo thermostat yotetezera imadula. Zomwezi zimachitika Credelec ikatha pakati pa ntchito, kapena wina akamatsegula chitseko kawirikawiri kuti akhudze zovala.

Pa makina ena thermostat imeneyi imabwerera yokha ikazizira, choncho zulani pulagi mudikire theka la ola. Pa ena ili ndi kabatani kofiira kumbuyo kwa makina kapena m'kati mwa chivundikiro cha elementi. Mukakadina pulagi itazulidwa mumva kuti "thi", ndipo kutentha kumabwerera. Pa makina enanso ndi fyuzi yopsa kamodzi, imene imafuna kusinthidwa basi. Mukadina kabatani kenako kakadulanso mawa lake magetsi asanathime, musamangokadina. Bwererani ku sefa ndi paipi.

Kuti zisachitikenso, onani mita musanayambe. Makina a paipi amadya ma kWh atatu kapena anayi pa ulendo umodzi wodzaza, ndiye mita ikasonyeza awiri, gulani kaye magetsi pa M-Pesa kapena e-Mola. Mukafuna kuchotsa zovala nthawi isanathe, sunthirani batani ku gawo lozizira mphindi zingapo kaye.

Mmisiri wina wandiuza kuti angolumikiza mawaya awiri kudumpha fyuzi yapsayo, makina ayambiranso. Ndilole?

Musalole, ngakhale atakuuzani kuti n'zongoyembekezera. Ayambiradi kutentha, ndipo mudzamuthokoza madzulo omwewo. Koma fyuzi ija sinapse mwangozi. Inapsa chifukwa m'katimo munatentha kufika poti ubweya wa zovala ukanayaka. Kuidumpha kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa usiku, akuba mwawasiya pakhomo. Ubweya wouma wa thonje umagwira moto mofulumira kwambiri, ndipo makinawa nthawi zambiri amaikidwa m'kachipinda kodzaza nsalu, osiyidwa akuyenda anthu atagona kapena atapita kumsika.

Mmisiri wodziwa ntchito akhoza kulumikiza kwa kanthawi kochepa iye ataima pomwepo, pofuna kungotsimikiza kuti elementi ili moyo, kenako n'kuchotsa. Zimenezo n'zina. Koma kukusiyirani makina ali choncho ayi. Fyuzi yatsopano ikhalenso ya madigiri ofanana ndi olembedwa pa yakaleyo. Kuika ya madigiri okwera kuti isamapsepse ndi kudumpha komweko mwanjira ina. Ndipo akasintha fyuzi osayeretsa njira ya mpweya, yatsopanoyo idzapsanso, mudzalipira kawiri.

Ndili ndi multimeter, chida choyezera magetsi. Ndingayeze ndekha?

Mungathe, ngati mumadziwa kale kuigwiritsa ntchito ndipo makina anu anatha garanti. Zulani pulagi, dikirani makina azizire, ndipo musakhudze capacitor, kachitini kozungulira kokhala pafupi ndi mota, chifukwa kamatha kusunga magetsi pulagi itazulidwa kale. Malata a m'kati ndi akuthwa m'mbali mwake. Musanazule waya uliwonse jambulani ndi foni, kuti pobwezera musaganizire.

Pa makina ambiri ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya, elementi imakhala kumbuyo, m'kati mwa chivundikiro chachitsulo chomangidwa ndi masikuluwu. Mukachichotsa muona waya wopotana womangidwa pa timiyala toyera kapena pa timapepala tolimba totuwa, ndipo pambali pake pali tizitsulo tiwiri tozungulira, kukula ngati batani la jekete, kalikonse kokhala ndi mawaya awiri. Timeneto ndiye ma thermostat ndi fyuzi.

Ikani multimeter pa ma ohm, muzule waya umodzi pa kachipangizo kamene mukuyeza kuti mita isawerenge njira ina. Fyuzi kapena thermostat yabwino, ili yozizira, imasonyeza pafupifupi 0 ndipo mita imalira ngati mwaiika pa kulira. Ikasonyeza OL kapena 1 yekha kumanzere, yaduka. Elementi ya mawati 2,000 imasonyeza ma ohm apakati pa 24 ndi 27. Makina ambiri ali ndi mawaya otenthetsa awiri, umodzi wa kutentha kochepa, onse awiri a kutentha kwakukulu, ndiye uliwonse pawokha umasonyeza nambala yokwererapo. Wa mawati 1,000 umakhala cha m'ma 50. Umodzi ukaduka, makina amafunda pang'ono koma osaumitsa, ndipo izi zimasokoneza anthu ambiri.

Pomaliza yezani pakati pa mwendo wa elementi ndi chitsulo cha makina. Pamenepo mita isalire, isasonyeze kanthu. Ikalira ndiye kuti waya ukukhudza lata. Makina otere amagwetsa disjuntor, swichi yotetezera ya pa bokosi la magetsi, ndipo m'nyumba yopanda waya wa pansi (earth) amagwira munthu. Musawayatsenso mpaka atakonzedwa.

Elementi yaduka malo amodzi okha. Sitingangoipota n'kulumikiza?

Anthu amachita, koma sizikhalitsa. Polumikizapo sipagwirana bwino, pamatentha kuposa pena paliponse ndipo pamadukanso. Waya ukafupika umadyanso magetsi ambiri kuposa kale. Choopsa n'chakuti nsonga yoduka imagwera pa lata. Gulani elementi ina.

Pofuna kugula, dzina la kampani lokha silikwanira. Kunena kuti "ndi Defy" kapena "ndi Samsung" sikuthandiza wogulitsa, chifukwa kampani imodzi ili ndi mitundu yambiri. Jambulani kapepala kokhala m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo, pamene palembedwa nambala ya mtundu wa makina ndi mawati ake, ndipo mutenge elementi yakaleyo m'manja. Mumzinda wa Tete zikasowa, ogulitsa amaitanitsa ku Beira, ku Maputo kapena ku Johannesburg. A ku Ulongué nthawi zina zimawafupikira kudutsa pa Calómuè kukafunsa ku Lilongwe, ndipo a ku Zóbuè ku Blantyre. Magetsi a ku Malawi ndi a ku South Africa ndi a mtundu umodzi ndi athu, a 50 Hz ndi ma volt 220 mpaka 230, choncho zipangizo zake zimagwirizana.

Makina amatentha bwino masana koma madzulo amangofunda. N'chiyani?

Yang'anani mababu ndi fani ya m'nyumba nthawi imeneyo. Ngati mababu akuchita chizimezime ndipo fani ikuyenda mwaulesi, magetsi afooka m'dera lanu chifukwa aliyense wayatsa chitofu, wailesi yakanema ndi zoziziritsira m'nyumba. Ena amadabwa kuti zingatheke bwanji ife okhala pafupi ndi Cahora Bassa. Damu limeneli, la ku Songo, limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu limagulitsidwa ku South Africa, koma mphamvu yofika pa soketi yanu imadalira thiransifoma ya m'dera mwanu ndi kutalika kwa waya wochokera pamenepo. Nyumba ya kumapeto kwa mzere ndi imene imavutika kwambiri.

Elementi imamva kufooka kumeneku kuposa zipangizo zina. Magetsi akatsika kuchoka pa 220 kufika pa 190, kutentha kumachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Akafika pa 180, gawo limodzi mwa atatu lapita. Mota imazungulirabe, ngakhale imatentha ndi kuvutika. Mmisiri ayeze pa soketi makina ali kuyenda, osati atathimitsidwa. Akapeza kuti magetsi ndi ofooka kuyambira pa mita penipeni, kaneneni ku kampani ya magetsi ya EDM, ndipo podikira muziumitsa zovala m'mawa kapena masana. Ma stabilizer ang'onoang'ono ogulira wailesi yakanema ndi firiji sangakwanitse makina awa.

Pulagi ikumatentha ndipo yayamba kuda. Zikukhudzana?

Kwambiri. Makina a mawati 2,500 amakoka ma amp oposa 11 kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya miyendo itatu yaikulu yozungulira, a ku Malawi ya miyendo itatu yamakona, pamene masoketi ambiri m'nyumba zathu ndi a mabowo awiri. Ndiye anthu amagula adaputala yapamsika, pamwamba pake n'kuonjezera ekisitenshoni yopyapyala yochokera kuchipinda china. Polumikizira paliponse pogwedera pamatentha, pulasitiki imasungunuka, ndipo magetsi ofika ku elementi amachepa. Fungo la pulasitiki yopsa kapena la nsomba yovunda pafupi ndi soketi ndi chizindikiro chake.

Makinawa akhale ndi soketi yawoyawo ya ma amp 16, ya waya wa 2.5 mm², yokhala ndi waya wa pansi, ndipo pulagi ilowe mwachindunji popanda adaputala. Kupsa kotereku kumachitikanso m'kati mwa makina, pamene mawaya amalumikizana ndi elementi. Mukaona nsonga ya waya yakuda, yophulika chikopa, isinthidwe ngakhale elementi ili bwino.

Ndinagula makina kwa munthu wa ku migodi amene amabwerera kwawo. Ndi a ku America. Akuzungulira pa thiransifoma koma sakutentha kwenikweni.

Apa pali nkhani. Makina a ku United States anapangidwira magetsi a mtundu wina. Mota ndi bolodi zimayendera ma volt 120, elementi imafuna 240, zonsezi pa 60 Hz, ndipo pulagi yake ndi yaikulu ya miyendo itatu kapena inayi. Elementi yake ndi ya mawati 5,000 kapena kuposa, kuwirikiza kawiri ya makina athu. Mukawalumikiza pa thiransifoma ya 110 kapena 120, mota imayenda koma elementi ikulandira theka la ma volt ake, ndipo theka la ma volt limapereka gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kutentha. Mukawalumikiza mwachindunji pa 220, bolodi ndi mota zimapsa.

Mmisiri wa magetsi wodziwa bwino angathe kupatula mawaya kuti elementi idye 220 payokha pa disjuntor yaikulu, mota idye za thiransifoma. Koma mota ya 60 Hz pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira pang'onopang'ono, mpweya umachepa, ndiye tabwereranso ku kubanika kuja. Ine ndikafunsidwa munthu asanagule ndimati werengani kapepala ka kumbuyo. Pakalembedwa 120/240 V 60 Hz, asiyeni ngakhale mtengo ukukoma.

Anga ndi atsopano, olembedwa heat pump kapena bomba de calor. Chigulireni satentha ngati akale aja. Ndinanamizidwa?

Mwina ayi. Makina amenewa alibe elementi yofiira. Ali ndi kompuresa ndi gasi monga firiji, ndipo amaumitsa ndi mpweya wa madigiri pafupifupi 50. Mukapisa dzanja mumangomva kufunda, mphindi zoyamba simumva kanthu n'komwe, ndipo ulendo umodzi umatenga maola awiri kapena atatu. Phindu lake lili pa mita: amadya pafupifupi theka la magetsi a makina akale.

Ali ndi zofuna zawo. Mabuku a makina ambiri otere amanena kuti chipinda chikhale pakati pa madigiri 5 ndi 35. Mumzinda wa Tete, mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira 40, nanji m'kachipinda kamalata kotseka. Kompuresa ikatenthedwa imadzithimitsa, mgolo n'kumangozungulira. Tsegulani zitseko, ikani makina pamthunzi podutsa mphepo, kapena muziwayatsa m'mamawa. Ku Furancungo ndi ku Ulongué vuto limakhala lotembenuka: m'mamawa wa Juni ndi Julayi kozizira amachedwa kuyamba kufunda. Alinso ndi sefa yachiwiri kumunsi, yotchinga timalata topyapyala, ndipo imeneyi ikatsekeka saumitsa. Mukawanyamula chogoneka pa galimoto, aimikeni maola angapo musanayatse. Zonsezi zikakhala bwino koma kompuresa siikumveka, kapena ikumveka koma kufunda kulibe, itanani wokonza mafiriji. Ena mwa makinawa ali ndi gasi ya R290, imene imayaka moto, choncho asawotcherere asanawerenge kapepala.

Elementi, fyuzi ndi thermostat zonse zili bwino, paipi ndi yoyera. Chatsala n'chiyani?

Chatsala ndi chimene chimalamula elementi kuti iyake. Pa makina a manambala owala pali kachipangizo koyeza kutentha kotchedwa NTC. Kamasonyeza ma ohm masauzande angapo, ndipo mukakafumbata m'dzanja nambala imatsika pang'onopang'ono. Ikapanda kusuntha, kafa, ndipo bolodi imakana kuyatsa elementi. Kenako pali relay, kabokosi kakang'ono kakuda pa bolodi. Tembenuzani bolodi muone kuseri kwake: malo akuda kapena mtovu wosweka mozungulira mwendo wa relay ndi vuto lodziwika, ndipo wokonza mawailesi akanema amatha kusintha relay yokha m'malo moti mugule bolodi yonse. Mphemvu, nyerere ndi nalimata zimakonda pa bolodi chifukwa pamafunda, ndipo timazipeza zitapserera pamenepo. Mphezi za mvula yoyamba zimaononganso mabolodi, n'chifukwa chake ndi bwino kuzula pulagi kukamagunda.

Pa makina a batani lopotokola lokha, timer imapsa m'kati. Makina akaonetsa zilembo ndi nambala, zilembeni musanathimitse, chifukwa tanthauzo lake limasiyana kampani ndi kampani.

Nanga pa jenereta kapena pa sola?

Jenereta yaing'ono yoyatsira mababu ndi wailesi yakanema singathe. Pa makina a elementi pamafunika ya 3 kVA kupita m'tsogolo, popanda zina zolemera zolumikizidwa nthawi yomweyo. Elementi ikayaka jenereta n'kusintha kulira ngati ikutsamwa, yachepa. Sola ya panyumba ya mabatire awiri musaiyese n'komwe.

Podikira kuti akonzedwe ndikuyanika panja. Pali choti ndisamale?

Sitani zovala zonse zokhudza thupi, makamaka za ana ndi matewera. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu zonyowa zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo chimene chimawapha ndi kutentha kwa simbi. Makina ongopemerera mpweya wozizira sawapha.

Akakonzedwa, ndingaumitsiremo maovolosi a ku ntchito?

Ngati anathiridwa dizilo, petulo, girizi, parafini kapena mafuta ophikira, ayi, ngakhale mutawachapa kamodzi. Mafuta otsalira m'nsalu akatenthedwa amatha kuyaka okha, nthawi zina zovala zitachotsedwa kale n'kuunjikidwa m'dengu zili zotentha. Amenewo ndi a pachingwe. Chimodzimodzi mapilo a siponji, nsapato za labala ndi malaya a mvula.

Ndikonzetse kapena ndigule ena?

Zimadalira chimene chafa. Fyuzi, thermostat, NTC, relay ndi elementi ndi zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi makina atsopano, ndipo makina a paipi osavuta aja amakhala zaka zambiri akamasinthidwa zimenezi. Bolodi yonse kapena kompuresa ndiye zofunika kuwerengera mameticais bwinobwino, makamaka ngati mgolo wayambanso kukhulana ndi kulira. Ngati garanti ilipobe, musamasule kalikonse ndipo musalole wina amasule. Tengani risiti mubwerere kumene munagula.

Mmisiri akabwera, mufunseni mwaulemu kuti, "Amisiri, mwapeza kuti chinapsetsa n'chiyani?" Akuonetseni pa mita kuti chakalecho chadukadi, akusiyireni m'manja, ndipo asananyamuke muyatse makina muli nonse ndi matawulo onyowa angapo. Pakatha mphindi 10 tulukani naye panja, muike dzanja kukamwa kwa paipi. Mpweya ukhale wofunda, wachinyezi ndi wamphamvu, apo ndiye mulipire.